Kalaliki wosatopa amene tikuyenda naye mthumba

Mukafunsa anthu kuti kompyuta ndi chani, ambiri amakulozerani chibokosi cha pa desiki chokhala ndi sikirini ndi kiyibodi, ena amati ndi laputopu basi. Koma foni imene mukuwerengerapo izi ndi kompyuta, makina otapira ndalama kunja kwa banki ndi kompyuta, mita ya magetsi yolowetsa mayunitsi ija ili ndi kakompyuta mkati mwake, ndipo galimoto za masiku ano zadzaza timakompyuta tobisika tambirimbiri. Nde ngati zinthu zosiyana maonekedwe chonchi zonse zili kompyuta, ndiye kuti chimene chikuzipangitsa kukhala kompyuta sichioneka ndi maso. Ine nkhani imeneyi imandikoka mtima kwambiri chifukwa yankho lake linapezeka makinawo asanapangidwe nkomwe, ndipo amene analipeza sankafuna kupanga makina ayi, ankalimbana ndi funso la masamu.

Kale mawerengero akuluakulu ankachita ndi anthu, inali ntchito yeniyeni yolembedwa ndi kulipidwa, munthu kukhala pa tebulo tsiku lonse ndi pepala nkumawonkhetsa ndi kuchotsera. Ku France cha m'ma 1790, katswiri wina dzina lake Gaspard de Prony anapatsidwa ntchito yokonza mabuku akuluakulu a manambala, ndipo anaigawa mochenjera. Pamwamba anaika akatswiri a masamu ochepa chabe kuti apeze njira, pakati anaika ena oti njirayo aiphwanye mu tizidutswa ting'onoting'ono, pansi nkuika chigulu cha anthu amene ambiri a iwo ankangodziwa kuwonkhetsa ndi kuchotsera basi. Anthu apansiwa sankafunika kudziwa kuti manambalawo ndi a chani kapena akupita kuti. Umangolandira pepala, kuchita zimene walamulidwa, kupatsira mnzako. Ndipo ntchito yovuta kwambiri inkatheka ndi manja a anthu osaimvetsa.

Munthu wapansi ameneyu ndi amene Alan Turing anamuyang'anitsitsa. Turing anabadwa mu 1912 ku London, ndipo anali ku King's College ku Cambridge pamene analemba pepala lake lotchuka lija mu 1936, zaka 24 asanakwanitse nkomwe. Funso linachokera kwa David Hilbert wa ku Germany amene mu 1928 anafunsa kuti kodi ilipo njira imodzi yongotsata sitepe ndi sitepe, yosafuna luntha, imene ingatiuze ngati chiganizo chilichonse cha masamu chingathe kutsimikizidwa kapena ayi. Kuti ayankhe zimenezi Turing anayenera kuyamba wanena kaye kuti njira yongotsata sitepe ndi sitepe ndi chani kwenikweni, chifukwa aliyense ankangoitchula koma panalibe anali ataifotokoza mogwirika. Nde anadzifunsa kuti kalaliki akamawerengera amachita chani tikachotsa zonse zosafunika. Anapeza kuti ndi zochepa zedi. Amayang'ana kachigawo kamodzi ka pepala, amakumbukira kuti ali pa sitepe iti, amalemba kapena kufufuta chizindikiro, kenaka amasuntha maso kupita kumanja kapena kumanzere. Zatha pamenepo.

Ndiye anajambula m'maganizo makina ochita zimenezi zokha. Pepala lalitali lopanda mapeto logawidwa timabokosi, kamutu kamene kamaona bokosi limodzi pa nthawi imodzi, ndi mndandanda wa malamulo. Tiyeni tiyesere limodzi kuti muone kuphweka kwake. Tikufuna kuwonjezera 1 pa nambala iliyonse. Kamutu kayambire pa nambala yakumapeto kumanja, ndipo malamulo ndi atatu. Ukapeza 9 fufuta ulembe 0 nkusunthira kumanzere. Ukapeza nambala ina iliyonse lemba yotsatira yake uime. Ukapeza bokosi lopanda kanthu lemba 1 uime. Tipatse 399. Kamutu kaona 9, kalemba 0, kasuntha, kaonanso 9, kalemba 0, kasuntha, kaona 3, kalemba 4, kaima, pa pepala pali 400. Tipatse 999, kalemba ziro zitatu, kafika pa bokosi lopanda kanthu, kalemba 1, yatuluka 1000. Yankho lolondola ndithu, koma onani kuti palibe pena paliponse pamene kamutuko kadziwa kuti 399 ndi makwacha kaya ndi mbuzi kaya ndi ana a sukulu, olo kudziwa kuti kakuwonkhetsa sikakudziwa, kakungoona chizindikiro nkuchita zimene lamulo lanena.

Amene mumasewera bawo mukuidziwa kale nkhaniyi. Pamene wakhala chete ukuyang'ana maenje, kuwerengera mumtima, kusankha dzenje loyambira ndi mbali yolowera, pamenepo ndi pamene pali iweyo. Ukangonyamula nkhomo zotsalazo si zakonso, dzanja limangogwetsa imodzi imodzi motsata lamulo, pamene yathera pakakhala zina unyamule upitirize, mpakana yomaliza igwere m'dzenje lopanda kanthu. Gawo lachiwirili ukhoza kumupatsa mwana woti sadziwa kuti kupambana nkutani, bola malamulo akuwatsata. Kompyuta ndi dzanja limenelo, kungoti ilo limagwetsa kambirimbiri pa sekondi imodzi ndipo silitopa.

Koma chimene chinasintha dziko ndi sitepe yotsatira ya Turing. Anaona kuti mndandanda wa malamulo nawonso ndi zizindikiro chabe, nde ukhoza kulembedwa pa pepala lomwelo pamodzi ndi manambala. Zikatero sufunikanso makina owonkhetsera pawokha, makina osanja mayina pawokha, makina a chakuti pawokha. Umangofuna makina amodzi odziwa kuwerenga malamulo a makina ena alionse nkuyamba kuchita ngati iwowo. Nchifukwa chake foni yomweyo mmawa ndi wotchi yokudzutsani, masana ndi banki, madzulo ndi wailesi ndi kamera, chitsulo chake osasintha olo pang'ono, chikusintha ndi mndandanda wa malamulo umene timautcha pulogalamu. Kuti muone kukula kwa ganizoli taonani ENIAC, chimakina chimene anachionetsa ku anthu mu 1946 ku yunivesite ya Pennsylvania, cholemera matani pafupifupi 30, chodzaza chipinda. Pachiyambi kuti chisinthe ntchito pankafunika kuzula mawaya nkuwalumikiza mwina ndi kutembenuza maswichi ambirimbiri, ntchito imene inkatha masiku, ndipo oyamba kuigwira anali amayi 6 amene kwa zaka zambiri mayina awo sankatchulidwa. Mu 1945 John von Neumann anali atalemba kale lipoti lofotokoza makina osunga pulogalamu malo amodzi ndi manambala, ndipo pa 21 June 1948 ku Manchester kamakina kotchedwa Baby, kopangidwa ndi Freddie Williams ndi Tom Kilburn, kanayendetsa pulogalamu yosungidwa mkati mwake momwe. Malo ake osungira anali ochepa moti uthenga umodzi wautali wa pa WhatsApp sukanakwanamo, koma kapangidwe kake ndi komwe kali mufoni yanuyo.

Nanga magetsi akulowa pati. George Boole, mwana wa wosoka nsapato wa ku Lincoln amene masamu ambiri anadziphunzitsa yekha, anaonetsa mu 1854 kuti kuganiza kwa zoona ndi zabodza kukhoza kulembedwa ngati masamu a 1 ndi 0. Patapita zaka zoposa 80, mu 1937, Claude Shannon ali ndi zaka 21 ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti maswichi a magetsi akhoza kuchita masamu amenewa. Maswichi awiri otsatizana pa waya umodzi, babu imayaka pokhapokha onse awiri akhale oyatsa. Mukawaika pambali ndi pambali, limodzi lokha likwanira. Kuchokera pa zazing'ono ngati zimenezi mukhoza kumanga chowonkhetsera, chokumbukira, mpakana kompyuta yonse. ENIAC inali ndi machubu agalasi oposa 17,000 amene ankagwira ntchito ya swichi ndipo ankapsa pafupipafupi. Mu 1947 ku Bell Labs anapanga transistor, kaswichi kakang'ono ka magetsi kolowa m'malo mwa machubu aja, mu 1971 kachipangizo ka Intel 4004 kanali ndi ma transistor 2,300, lero kachipangizo ka mufoni yabwino kali nawo mabiliyoni. Koma musatengeke ndi magetsiwo. Charles Babbage m'ma 1830 anajambula makina ake a magiya achitsulo oti aziyenda ndi makadi obowola, Konrad Zuse ku Berlin mu 1941 anamanga ake ndi maswichi ogogoda a m'matelefoni. Chopangira chikhoza kukhala china chilichonse bola chizitha kukhala mbali iyi kapena iyo ndi kukankha chinzake motsata lamulo.

Apa pali chinthu chimene ndimafuna aliyense atachigwira. Mukadina chilembo A chachikulu, mkati mumasungidwa 01000001. Koma 01000001 yomweyo ndi nambala 65, ndipo pa chithunzi ikhoza kukhala kuchuluka kwa kufiira kwa kadontho kamodzi, mu nyimbo ikhoza kukhala kachidutswa ka phokoso. Mukatsegula mkatimo simupeza chilichonse chonena kuti ichi ndi chilembo, ichi ndi ngongole ya munthu, ichi ndi nkhope ya amayi anu. Anagwirizana ndi anthu kuti 65 iziimira A, anakhala pa misonkhano ku America m'ma 1960 nkugwirizana choncho, akanatha kusankha nambala ina zinthu nkumayendabe bwinobwino. Tanthauzo timabwera nalo ndi ife polowetsa ndi potulutsa, pakatipo zikungoyenda zizindikiro.

Funso la Hilbert lija yankho lake linali ayi, ndipo njira imene Turing anadzera ndi yokoma. Mmene amaifotokozera masiku ano ndi chonchi. Mapulogalamu ena amagwira ntchito nkumaliza, ena amangozungulira osatha. Tiyerekeze kuti wina wapanga pulogalamu yoyeza, imene ukaipatsa pulogalamu ina iliyonse imakuuza molondola kuti iyi idzaima kapena iyi sidzaima. Ndiye ife tipange pulogalamu yamakani, imene imapita kwa woyezayo nkufunsa kuti kodi ineyo ndidzaima? Akati udzaima, iyo imayamba kuzungulira mpaka kalekale. Akati sudzaima, iyo imaima pompo. Kulikonse kumene woyezayo angayankhe walakwa, kutanthauza kuti woyeza wotere sangakhalepo. Alonzo Church ku Princeton anafika pa yankho lomwelo la ayi chaka chomwecho kudzera njira ina. Nde taganizani, pepala lomwe linabereka ganizo la kompyuta ndi lomwenso linaonetsa kuti pali mafunso omveka bwinobwino amene kompyuta iliyonse, olo ikhale yothamanga bwanji, singawayankhe onse. Si nkhani yoti tidikire ya chaka chamawa yamphamvu ayi, malirewo ali m'masamu momwemo.

Tsopano pamene anthu oganiza amakanganapo zenizeni ndi apa. Ngati kalaliki wosamvetsa angathe kuchita zonsezi, kodi nafenso m'mutumu si zomwezo zimene zikuchitika? Thomas Hobbes mu 1651 analemba kuti kulingalira ndi kuwerengera chabe, kuwonkhetsa ndi kuchotsera mayina a zinthu. Gottfried Leibniz, amene anapanga makina ochulukitsira manambala ndi kulemba za masamu a 1 ndi 0, ankalota tsiku limene anthu akasiyana maganizo adzangokhala pansi nkunena kuti tiyeni tiwerengere. Koma Leibniz yemweyo mu 1714 anabweretsa chitsanzo chimene mpaka pano chimavutitsa anthu. Anati tiyerekeze makina oganiza ndi kumva, tiwakulitse akhale ngati chigayo choti nkulowamo. Tikalowa tiona chani? Tiona zitsulo zikukankhana basi, palibe pamene tingaloze kuti kumva ndi uku. Ada Lovelace, polemba za makina a Babbage mu 1843, anaona patali kuposa anzake, ananena kuti makinawo akhoza kugwira ntchito pa zinthu zina osati manambala okha, olo kupeka nyimbo ngati malamulo a nyimbo atalembedwa bwino, koma anatsindika kuti makinawo sayambitsa kanthu pawokha, amachita zimene ife tikudziwa kuwalamula.

Turing sanagwirizane naye. Mu 1950 analemba m'magazini ya Mind kuti funso loti makina angaganize ndi losokonekera, bola tilisinthe likhale masewero. Munthu akhale m'chipinda azilemberana ndi awiri osawaona, wina munthu wina makina, ndipo ayese kuzindikira kuti makina ndi ati. Akamalephera, tili ndi chifukwa chanji chokanira kuti makinawo akuganiza, poti anzathu omwe timangowaweruza ndi zimene akunena ndi kuchita, m'mutu mwawo sitinalowemo. Kwa Lovelace anayankha kuti makina amamudabwitsa kawirikawiri, chifukwa kulemba malamulo sikutanthauza kuti wadziwiratu zonse zimene adzabereke. Analosera kuti pakatha zaka pafupifupi 50, wofunsa wamba akacheza ndi makina mphindi 5 mwayi wake wolondola sudzaposa 70 pa 100. Iye sanaone nkomwe chiyambi chake, anamwalira mu 1954 ali ndi zaka 41, patangopita zaka ziwiri boma limene analithandiza kuswa zinsinsi za Enigma, makina obisira mauthenga a asilikali a Germany, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse litamuzenga mlandu chifukwa chogonana ndi mwamuna mnzake.

Yankho lamphamvu kwa Turing linabwera mu 1980 kuchokera kwa John Searle wa ku Berkeley. Anati nditsekereni m'chipinda ine wosadziwa Chitchaina olo liwu limodzi. Mundipatse chibuku cha malamulo m'Chingerezi chonena kuti ukaona chizindikiro chopindika chonchi ubweze chopindika chakuti. Anthu panja azilowetsa mafunso a Chitchaina pansi pa chitseko, ine ndizitsata bukulo nkumatulutsa mayankho, ndipo bukulo likhale labwino moti akunjawo azikhulupirira kuti mkatimo muli mbadwa ya ku China. Masewero a Turing ndapambana, koma Chitchaina sindikumva ngakhale pang'ono. Nde ngati ine sindikumva, kompyuta imene ikuchita zomwezi ikumva bwanji? Omutsutsa anati iwe wekha sukumva zoona, koma chipinda chonse, iwe ndi buku ndi mapepala, chikumva, monganso kaselo kamodzi ka mu ubongo sikadziwa chinenero koma ubongo wonse umadziwa. Searle anati chabwino, ndiloweza buku lonse pamtima nkutuluka m'chipindamo, tsopano zonse zili mwa ine, koma sindikudziwabe kuti ndikunena za mpunga kapena za mvula. Mkanganowu sunathe mpaka lero. Hubert Dreyfus anabwera ndi mbali ina mu 1972, kuti zambiri zimene munthu amadziwa sizili m'malamulo nkomwe, zili m'thupi ndi m'kukhala pakati pa anthu. Ine apa ndimamuvomereza msanga, chifukwa palibe anakulemberani kuti pamaliro mulowe bwanji, mukhale pati, mutonthole nthawi yanji, koma mukudziwa, ndipo akakuuzani kuti mulembe zonse pa pepala mudzasiya zambiri.

Tinene chilungamo, makina achita zambiri zimene otsutsa ankati sangachite. Kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa katswiri Garry Kasparov pa chess mu 1997, pulogalamu ya AlphaGo inagonjetsa katswiri Lee Sedol 4 kwa 1 mu 2016 pa masewero a Go amene anthu ankati amafuna mtima osati kuwerengera, ndipo kuyambira November 2022 pamene ChatGPT inatuluka aliyense akutha kucheza ndi makina olemba ngati munthu. Mapulogalamu atsopanowa palibe anakhala pansi kuwalembera lamulo lililonse pamanja. Anawadyetsa zolemba zochuluka zedi nkumawasintha manambala mabiliyoni amkati pang'onopang'ono mpakana azilosera bwino liwu lotsatira, moti olo amene anawapanga sangakulozereni kuti yankho lakuti latuluka chifukwa cha nambala iyi. Mawu a Lovelace aja agwedezeka ndithu pamenepa. Komabe pansi penipeni zikuchitika ndi zomwe zija, kuchulukitsa ndi kuwonkhetsa, chizindikiro kulowa chizindikiro kutuluka, ndipo mutakhala ndi makalaliki okwanira ndi zaka zokwanira akhoza kuchita zonsezo pa pepala yankho nkutuluka lomwelo. Ine ndimapendekera kwa Searle, ndimaona kuti kulankhula bwino ndi kumva ndi zinthu ziwiri, koma amene anandigwira mtima kwambiri ndi wina amene anasiya funso loti makina angathe chani nkufunsa loti tiwapatse chani.

Ameneyo ndi Joseph Weizenbaum, Myuda wobadwira ku Berlin amene banja lake linathawa a Nazi mu 1936. Ali ku MIT anapanga kapulogalamu kotchedwa ELIZA kamene anakalengeza mu 1966, kophweka kwambiri, kamangotola mawu ako nkuwabweza ngati funso. Ukalemba kuti amayi anga sandimvetsa, iko kamati tandiuze zambiri za banja lako. Chinamuopsa nchoti anthu anayamba kukhuthula zakukhosi kwa iko, mpakana sekilitale wake amene anamuona akukalemba kwa miyezi anamupempha kuti atuluke kaye m'chipinda acheze nako payekha, ndipo madokotala ena a zamaganizo anayamba kunena kuti mapulogalamu otere akhoza kumathandiza odwala. Weizenbaum anazindikira kuti vuto silili mu makina, lili mwa ife, timafulumira kuika munthu pamene palibe munthu. Mu buku lake la 1976 anasiyanitsa kutulutsa yankho powerengera ndi kusankha kumene munthu amachita ataika mtima wake ndi udindo wake pamenepo, ndipo anati pali ntchito zina, monga kuweruza mlandu ndi kusamala wovutika mumtima, zimene sitiyenera kupatsa makina olo atazitha.

Mwina mukuti izi ndi za m'kalasi, koma taonani zimene zinachitika ku Britain. Mu 1999 Post Office ya kumeneko inayamba kugwiritsa ntchito sistimu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Posakhalitsa anthu oyendetsa timapositi ta m'midzi ndi m'matauni anayamba kuona sikirini ikunena kuti ndalama zaperewera, pena masauzande a mapaundi, iwo asanatenge olo kobiri. Akaimba foni kudandaula ambiri ankauzidwa kuti vutoli muli nalo ndi inu nokha. Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anazengedwa milandu yakuba ndi yachinyengo, ena anamangidwa kuphatikizapo mayi woyembekezera, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zoti sizinasowe nkomwe, mabanja anatha, ena anadzipha. Malamulo a ku England amayamba ndi kuganiza kuti kompyuta ikugwira bwino ntchito pokhapokha wina aonetse kuti yalakwa, nde munthu wamba wa kapositi kakang'ono akanaonetsa bwanji zamkati mwa sistimu imene sanaionepo? Zinatengera anthu 555 motsogozedwa ndi Alan Bates kupita ku khoti lalikulu, ndipo mu 2019 jaji anapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri komanso kuti ogwira ntchito ku Fujitsu ankatha kulowa mu maakaunti a anthuwo ali kutali. Mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kupanga lamulo lapadera lofufuta milanduyo. Kompyutayo sinamange munthu aliyense, inangotulutsa manambala olakwika mmene kalaliki womvera amachitira akapatsidwa malamulo opindika. Anamanga anzawo ndi anthu amene anasankha kukhulupirira sikirini kusiya munthu woima patsogolo pawo akulira.

Kwathu kuno tinaona mbali ina ya nkhani yomweyi mu 2013 pa Cashgate, pamene anthu ena m'boma ankalowetsa malipiro a katundu ndi ntchito zoti sizinachitike mu sistimu ya boma yolipirira ndalama yotchedwa IFMIS kenaka nkufufuta umboni wake, mabiliyoni a kwacha nkupita. Sistimuyo inalipira chifukwa inauzidwa kulipira ndi munthu wokhala ndi pasiwedi yoyenera, sikanatha kudabwa kuti kampani yoti sinaperekepo olo bolopeni ikulandira bwanji mamiliyoni. Nchifukwa chake zimandiwawa ndikamva pa kauntala munthu akuuzidwa kuti kompyuta yakana, agogo oti ayenda mtunda wautali nkubwezedwa ndi mawu awiri amenewo ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Kompyuta yakana chifukwa wina analemba lamulo loti izikana zikakhala chonchi, mwina lamulolo ndi labwino mwina analakwitsa, mwina dzina linalembedwa molakwika tsiku lolembetsa, koma kuseli kwake kuli munthu ndipo payenera kukhala munthu wina woti nkumufunsa ndi woti angathe kukonza.

Koma aliponso amene anakana kungokhulupirira sikirini. Usiku wa pa 26 September 1983, pa malo a asilikali a Soviet Union otchedwa Serpukhov-15 kufupi ndi Moscow, msilikali wina dzina lake Stanislav Petrov anali pa ntchito yoyang'anira sistimu yochenjeza za mizinga ya nyukiliya. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitavuta kale, kumayambiriro a mwezi womwewo asilikali a Soviet anali atagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea. Siren inalira, sikirini inaonetsa kuti America yaponya mzinga umodzi, kenaka wina, mpakana inakwana 5, ndipo sistimuyo inkanena kuti ikutsimikiza pa mlingo wapamwamba kwambiri. Ntchito yake inali yongopatsira uthengawo kwa akuluakulu amene akanakhala ndi mphindi zochepa zoti aganize zobwezera. Petrov anaganiza zinthu zimene sizinali mu pulogalamuyo, kuti dziko lofuna kuyambitsa nkhondo yotere silingayambe ndi mizinga 5 yokha likanaponya mazana, kuti sistimuyo inali yatsopano ndipo iye ankaidziwa kuti siyodalirika kwenikweni, kuti ma radar apansi sankaona kanthu. Anaimba foni nkunena kuti ndi chenjezo labodza asanakhale ndi umboni wokwanira. Atafufuza anapeza kuti masetilaiti anaona kuwala kwa dzuwa kumene kunagunda mitambo ya m'mwamba kwambiri nkukutenga ngati moto wa mizinga. Petrov sanapatsidwe mphoto ndi boma lake, anadzudzulidwa kuti sanalembe bwino zochitika za usikuwo mu buku la ntchito, ndipo nkhaniyi inabisidwa mpakana m'ma 1990 pamene mkulu wina wa asilikali wopuma ntchito anaiulula.